Nyimbo ya Viniga ya Mayi Jonsaba

M'mawa uliwonse, popita kudimba la azimayi ndi ndowa zawo, Mayi Jonsaba Touray ankapatuka panjira n'kudzera kuseri kwa chipatala chathu chaching'ono. Kumeneko kuli chipinda cha chitseko cha buluu chokhala ndi loko wadzimbiri. Ankatula ndowa pansi n'kugogoda ndi chibakera.

"Odi, a Bodza. Mwadzuka bwanji? Nanga ana, timabodza tating'onoto, tadzuka?"

Ankatsamiritsa khutu kuthabwa ngati munthu woyembekezadi yankho. Kenako ankalavula pakhomo, kunyamula ndowa, ulendo kudimba. Mlonda wa pachipatalapo, amene nthawi imeneyo amakhala akuwiritsa tiyi pambaula, ankaseka tsiku lililonse ngati akuziona koyamba. Odwala odikira pabenchi nawo ankaseka. Eni akewo sankaseka, koma kwathu kuno ku Dembakoto palibe amene amayang'anitsitsa nkhope ya kanyeleng kuti aone ngati akuseka.

Ukanyeleng munthu sachita kuusankha. Mayi Jonsaba analowa atakwirira ana atatu motsatizana, onse asanayambe kuyenda. Amayi akuluakulu a gulu la akanyeleng anawatenga, kuwaveka buluku la mwamuna wawo, ndevu za chingwe ndi mkanda wa zitsekero za mabotolo, kuwadyetsa mpunga pansi ngati nkhuku, kuti imfa ikadzabweranso idzapeze chitsiru m'nyumbamo, isaone chosirira. Mwana wachinayi anamutcha Tombong, ndiko kunena chotola panjira, ndipo anakula. Kuyambira pamenepo anali ndi ufulu umene akazi ena alibe. Kanyeleng amanyoza shehe pakhomo pa mzikiti, amalanda nyama m'mbale ya mlendo, amavina ukwati umene sanaitanidwe. Palibe womukwiyira, palibe womugwira, poopa kuti m'nyumba mwa wogwirayo mungaleke kulira khanda.

Tombong amagwira ntchito pamaboti a nsomba ku Senegal ndipo amabwera pa Idi pokha. Pakhomo anasiya mkazi wake Mansata, mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje, woyankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Mansata anabereka ana anayi, onse amoyo, onse aphokoso. Mayi Jonsaba ankatha kunyoza mudzi wonse kuyambira m'mawa, koma akafika kunyumba n'kupeza mpongozi wawoyo akusinja, ankamulanda munsi.

Chaka chimene magalimoto oyera anabwera ndi nkhani ya khansa ya khomo la chiberekero, azimayi anakana. Matendawo tinkawadziwa, kungoti tinalibe dzina lake. Tinkangoona mayi akuwonda, akuyamba kudyera payekha chifukwa cha fungo, kenako maliro. Koma zoti munthu wabwinobwino akagone chagada pamaso pa mlendo, ayi. Kwathu mkazi amavulira mwamuna wake ndi mzamba, mzambayonso pokhapokha zowawa zitamulanda manyazi. Chipinda chija chinakhala ndi bedi latsopano, nyali yatsopano ndi botolo lalikulu lachitsulo la mpweya, koma popanda wolowamo.

Nesi wake, Yassin Jobe, mkazi wa kugombe amene chiyankhulo chathu ankachithyolathyola, anawalondola Mayi Jonsaba kudimba atanyamula mtedza wa kola. Anakhala pansi pakati pa mizere ya anyezi n'kufotokoza kuti matendawa amayamba ngati kabanga kosapweteka. Akapakapo viniga kabangako kamayera n'kuoneka, ndipo akakaumitsa msanga ndi mpweya wozizira wa m'botolo lija, nkhani imathera pomwepo.

"Viniga wake uti?" anafunsa Mayi Jonsaba.

"Yemweyu wa m'sitolo, mayi."

"Wothira m'saladi uja?"

"Yemweyo."

"Ndiye mwabwera kudzatisandutsa kabichi."

Koma anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa mchemwali wawo weniweni anafa akudyera payekha. Tsiku lamsika anavala buluku ndi ndevu, analowa m'chipindamo mudzi wonse ukuona, ndipo anatuluka akuyenda motangadza ngati wokwera bulu wosaoneka. Anzawo anayamba kumenya zigubu.

*Ndinalowa ndi manyazi, manyazi ndawasiya pabedi,*
*Yassin wandithira viniga, bambo akunyumba bwerani mudzadye saladi.*

Mwamuna wawo, amene nthawi imeneyo anali akadali moyo, anabisa nkhope m'chipewa. Azimayi anaseka mpaka kugwirana. Phokoso litachepa, Mayi Jonsaba anachotsa ndevu n'kunena mawu amene anthu sanawaiwale.

"Akakupeza nako kabanga, akuchiza pompano, iwe n'kupita kukaphika. Palibe wopita kutali, palibe wofa nazo. Ndikulumbira pa Tombong."

Kanyeleng akalumbira pa mwana wake wotsala, ngakhale woledzera amakhala chete. M'mawa mwake mzere unafika kuchitsime.

Kwa zaka ziwiri chipindacho chinagwira ntchito. Azimayi ankabwera pangolo za abulu kuchokera m'midzi ya kutali. Nyaling, mnzawo wa m'gulu, anapezeka nako kabangako, anakaumitsa, ndipo mpaka lero akunyoza anthu ali wonenepa. Mansata ndiye anachedwa. Poyamba inali mimba, kenako kuyamwitsa, kenako manyazi chabe, mpaka apongozi ake anachita kumukoka padzanja. Tsiku limenelo Yassin anatuluka n'kuwaitanira Mayi Jonsaba pambali.

"Kalipo, mayi, koma kakang'ono. Vuto ndi lakuti mpweya watha. Botolo latumizidwa kukadzaza. Abwerenso likafika. Musade nkhawa, zinthu zimenezi sizithamanga."

Botolo silinabwerenso. Bungwe la magalimoto oyera linati nthawi yake yatha, ntchito laisiya m'manja mwa boma. Panachitika ngakhale mwambo wake, wa mbuzi ndi zakumwa, ndipo Mayi Jonsaba anavina. A boma anati iwo analandira bedi ndi nyali, za mpweya sanauzidwe. Yassin anasamutsidwa. Nesi amene anabwera m'malo mwake ananena mosabisa kuti ntchito imeneyo sanaiphunzire. Makiyi a chipindacho ena ankati ali ku ofesi ya chigawo, ena ankati anapita m'chikwama cha Yassin.

Mayi Jonsaba anayenda. Anapita kwa mkulu wa chipatala, kwa khansala, kwa a komiti ya zaumoyo imene inaleka kukumana tsiku limene zakumwa zinaleka kubwera. Kulikonse ankalandiridwa ndi mano.

"Mayi Jonsaba, lero mwadzatiyamba ife?"

Ankawapatsa kola, iwo n'kubwerera.

Kupita naye kuchipatala chachikulu cha kugombe Mansata ankakana. Ankati sakumva kupweteka paliponse. Tombong pafoni ankati mkazi wake sangakagone m'makonde a chipatala cha kutali chifukwa cha kabanga kosaoneka ndi maso, ndipo aliyense ankadziwa kuti akazi opita kulikulu la dziko, ku Banjul, ndi matenda amenewa amabwerako atakulungidwa m'nsalu yoyera. Linadutsa dzinja, linadutsa lina, n'kudutsanso lina. Apa m'pamene Mayi Jonsaba anayamba kulonjera chitseko.

Chaka chino, nthawi yokumba mtedza, anayamba kuona tinsalu. Mansata ankatiyanika kuseri kwa bafa, pansi pa chitenje chachikulu kuti tisaoneke. Mayi aliyense amadziwa mwezi wa mpongozi wake osafunsa, amangoonera masiku amene sakuswali. Mansata ankadumpha swala sabata ino, sabata yamawa, ndi inayo. Akamasinja ankaima pakati, dzanja lili kumsana.

"Chavuta n'chiyani, mwana wanga?"

"Palibe, amayi. Kutopa chabe."

Masiku omwewo kunabwera Sainey Ceesay wa ku ofesi ya zaumoyo ya chigawo, bambo wa kamimba kake, pa njinga yamoto. A Ceesay ndi a Touray ndi pachisuweni, sangalonjerane popanda chipongwe.

"Odi kwa akapolo anga a Touray. Mwasiyako mpunga, kapena mwameza ndi mbale yomwe?"

"Lowani, a Ceesay. Ana inu, tsekerani nkhuku, kwabwera fisi wovala wotchi."

Sainey anakhala pamtondo wogadabuza n'kumasula nkhani. Kwabwera bungwe lina, ndi njira ina. Tsopano palibe zogona chagada. Mayi azipatsidwa kamtengo ka thonje, azidzitenga yekha kuseri kwa katani, kamtengoko kazipita kugombe kukayezedwa ndi makina, yankho lizibwera pafoni. Lachinayi kuli mwambo wotsegulira ndipo kubwera akuluakulu.

"Tikufuna inu ndi gulu lanu, mayi. Popanda inu azimayi atiyang'ana ngati ogulitsa mankhwala a nsikidzi."

"Akapezeka nawo matendawo?"

"Padzakhala makina ena, a magetsi, osafuna mpweya."

"Padzakhala. Alipo?"

"Ali m'njira."

"Botolo nalonso lili m'njira. Mwina akumana papantoni yowolotsa mtsinje, akumwa tiyi." Mayi Jonsaba anapitiriza kusenda mtedza. "Nanga aja munawapeza kale, munawauza kuti abwerenso aja?"

Sainey anakanda m'khosi. "Amenewo ndi a pulojekiti yakale, mayi. Inoyi ikuyamba ndi amene sanayezedwepo. Eni ndalama amafuna kuona azimayi atsopano."

"Ndiye akalewo akafere kuti? Muli ndi manda a pulojekiti yakale?"

"Inu a Touray, pakamwa panu pali tsabola."

"Inoyi ikhala mpaka liti?"

"Zaka zitatu."

"Kenako?"

"Tidzaipereka kwa boma."

"Boma si inuyo, a Ceesay?"

"Ine ndine wantchito chabe. Boma lili ku Banjul."

"A ku Banjul mukawafunsa amati chiyani?"

"Amati zili m'manja mwa chigawo." Apa Sainey sanaseke. Anayang'ana nsapato zake. "Ndafunsa, mayi. Ndatopa nako kufunsa. Chinthu chotsegulira chili ndi eni ake ambiri, koma chodzazitsa botolo chilibe mwini."

Mayi Jonsaba anayang'ana kukhitchini, kumene Mansata anawerama pamoto, chigongono chili pabondo.

"Amene amalamula za mpweyawo adzakhalapo Lachinayi?"

"Onse. Ngakhale mayi wa ku unduna."

"Ndibwera."

Lachinayi pabwalo la chipatala panaimikidwa matenti. Panali mipando yapulasitiki, chimkuzamawu, ndi malaya atsopano a anthu a komiti, amene anauka kwa akufa usiku umodzi. Chitseko cha buluu anachipaka penti yoyera, loko yemwe anamupaka, osamutsegula. Mayi wa ku unduna anakhala pakati, wamagalasi a golide, chovala chake chowuma ndi sitachi. Pambali pake panali azungu awiri ofiira ndi dzuwa. Azimayi a m'mudzi anakhala pamphasa, ndipo Mansata anali kumapeto, mwana wamng'ono ali pamiyendo.

Akuluakulu atatha kuthokozana, anaitana akanyeleng. Zigubu zinalira. Mayi Jonsaba analowa m'bwalo atavala buluku la malemu mwamuna wawo, ndevu, ndi chipewa chong'ambika. Sanazungulire ngati masiku onse. Analunjika kutenti n'kuima pamaso pa magalasi a golide aja.

*Mwabweranso eni magalimoto, mwabwera ndi malaya atsopano,*
*Botolo lathu lija munadyera mpunga?*
*Munati vulani, tinavula. Munati dikirani, tikudikira,*
*Ena akudikirira kumanda, mukawapatse malaya.*

Bwalo linaphulika ndi kuseka. Mkulu wa chipatala anapukuta misozi. Khansala anamenya tebulo. Mayi wa ku unduna, amene chiyankhulo chathu amachimva bwino lomwe, anaimirira, anavina pang'ono mapewa okha, n'kulowetsa ndalama ya pepala m'chipewa chong'ambikacho. Azungu anajambula.

Mayi Jonsaba anaimbanso, mokweza, akuloza chitseko chopakidwa penti. Anatchula makiyi, anatchula komiti, anatchula mbuzi imene anadya tsiku lopereka ntchito kwa boma. Chilichonse chimene anatchula chinawonjezera kuseka. Thukuta linayenderera, ndevu zinapendekera kukhutu. Akanatha kulumbira kuti anthu akhale chete, koma lumbiro anali nalo limodzi lokha, ndipo anali atalitha kale.

Anakweza dzanja, zigubu zinaleka.

"Sindikuimba tsopano. Ndikunena."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Nenani, bambo a ndevu," ndipo anthu anasekanso.

"M'nyumba mwanga muli munthu amene munamupeza nako kabanga. Munamuuza kuti abwerenso mpweya ukafika. Lero akutaya magazi. Sakuswali, sakutha kusinja. Ndi uyo wakhala apoyo. Mumutani?"

Chala chinaloza kumapeto kwa mphasa. Kumbali ya azimayi kuseka kunazima ngati moto wothiridwa madzi, chifukwa iwo ankadziwa. Koma kutenti kunamveka kuwomba m'manja. Mayi wa ku unduna anatenga chimkuzamawu akumwetulira.

"Akanyeleng athu sasiya munthu, ngakhale ife a boma atimeta lero. Koma azimayi anzanga, mwaumva uthenga wa seweroli. Musachedwe kuyezetsa. Mukachedwa, mudzataya magazi ngati mmene anenera mayiwa. Tiwaombere m'manja."

Anaomba. Mayi Jonsaba anaima pakati pa bwalo, ndalama ikusuzumira m'chipewa. Mansata anaimirira, anakokera mpango kumaso, anabereka mwana n'kudutsa pakati pa anthu, aliyense akumupatukira.

Dzuwa likupendeka Mayi Jonsaba anamupeza Mansata kukhitchini akutakasa ndiwo za nsinjiro. Sanatembenuke.

"Mwandivula pamaso pa mudzi, amayi."

"Ndimafuna amve."

"Amva. Anyamata ogulitsa petulo pamsewu akudziwa za nsalu zanga. Tombong amuimbira foni kale."

Mayi Jonsaba anavula ndevu n'kuziponya pankhuni. Anakhala pansi pakhomo, miyendo itatambasuka m'buluku muja.

"Zinayamba liti?"

"Ramadani isanafike."

"Ululu?"

"Kumsana. Nthawi zina umatsikira m'mwendo."

"Nanga ndikamakufunsa, iwe n'kumati kutopa? Ndikamati tiye kugombe, iwe n'kumakana? Ukufuna ana awa aleredwe ndi chitsiru cha ndevu?"

Mansata analeka kutakasa. Anayankhula motsitsa ngati masiku onse, maso ali mumphika.

"Munalumbira pa mwana wanu, amayi. Munati palibe wopita kutali, palibe wofa nazo. Ine ndikanadwala poyera, kapena ndikanakwera galimoto ya ku Banjul, ndiye kuti lumbiro lanu lasweka. Likasweka limagwera amene munamutchula. Iye amagona panyanja. Ndinati bola ine."

Mumphika munkabwata. Kubwalo ana ankalimbirana chipewa chong'ambika chija. Mayi Jonsaba anakhala nthawi yaitali akuyang'ana msana wa mpongozi wawo, mafupa a mapewa akuoneka pansi pa bulauzi. Mtsikanayu anakhala miyezi yonseyi akuchapa magazi mobisa kuti atchinjirize mwana wawo ku mawu a iwo eni, mawu amene anawanena chifukwa cha botolo limene anthu a magalasi a golide sankalikumbukira n'komwe. 

"Tamvera, iwe. Lumbiro ndi langa. Amene analiswa adya mpunga wa nyama masana ano, ndipo akagona bwino. Ngati pali chogwa, chigwere iwo, chikasowa njira chigwere ine. Tombong sanalonjeze munthu mpweya."

"Koma amayi..."

"Konza chikwama. Zitenje ziwiri, sopo, mkeka wa swala."

"Tikwera chiyani? Mtedza sitinagulitse."

"Ndati konza chikwama."

M'mawa mwake galimoto yoyera ya alendo inali pabwalo la chipatala, anthu akupakira chimkuzamawu ndi nsalu za matenti kuti ibwerere kugombe. Azimayi anali atayamba kale kusonkhana pansi pa mtengo wa mango, kudikira kuti akanyeleng awatsogolere kukalandira timitengo ta thonje. Dalaivala anali kutsidya kwa msewu akugula buledi.

Mayi Jonsaba anafika atavala chovala chawo cha Lachisanu, chabuluu wakuda, ndi mpango womanga bwino. Cha ukanyeleng anavala mkanda wokha. Mwana wamng'ono anamupatsira Nyaling. Anatsegula chitseko chakumbuyo, anakweza Mansata, anakwera nawonso, n'kuika chikwama pamiyendo.

Dalaivala anabwera chothamanga, buledi ali kukhwapa.

"Mayi, galimoto ino sinyamula anthu wamba. Zalembedwa pachitsekopo."

"Usade nkhawa, mwana wanga. Ife si anthu, ndife a pulojekiti yakale."

Sainey anatuluka m'chipatala akumanga batani la malaya atsopano. Anasuzumira pawindo n'kuona Mansata.

"Mayi Jonsaba, azimayi akudikira inu. Tsikani tikambirane."

"Takambirana zaka zitatu, a Ceesay. Mukafuna nditsike, ndikokeni."

Sainey anayang'ana dalaivala. Dalaivalayo, amene mkazi wake anali ndi pakati poyamba, anayang'ana mkanda wa zitsekero uja, anabwerera m'mbuyo n'kuika manja kumsana pamodzi ndi buledi.

Mayi wa ku unduna anafika chikwama chili m'manja, fungo la mafuta onunkhira lili patsogolo.

"Ha, mayi athu oseketsa aja. Lero mwatikonzera chiyani?"

"Khalani apa, pambali pa mwana wangayu. Njira ndi yaitali, akufotokozerani sewero lonse."

Mayiwo anayang'ana m'galimoto. Anaona nkhope yotuwa ya Mansata, milomo youma, dzanja litagwira m'chiuno. Kumwetulira kunatsala pankhope pawo kanthawi, kosowa kopita.

"Ndiye zinali zoona," anatero motsitsa. Kenako anakonza magalasi. "Pali njira yake, mayi. Nesi alembe kalata, inu mutsatire bwino lomwe..."

"Kalata mulembera m'njira. Mukatitula pakhomo pa dokotala, osati pageti."

Azimayi a pansi pa mango anali atasendera pafupi, ndipo azungu aja ankafunsana ndi maso. Nyaling anabwera pawindo, mwana ali kumsana.

"Nanga awa ndiwauze chiyani? Abwerere?"

"Asabwerere. Uwauze alowe akayezetse, iwe wemwe uli moyo chifukwa cha viniga. Koma aliyense asanalandire kamtengo afunse kuti akapezeka nawo amutengera kuti, ndipo amene ayankheyo atchule dzina lake. Uimbe ngati ukufuna. Usalumbire pa mwana."

Mayi wa ku unduna anapuma mwamphamvu, anazungulira galimoto n'kukakwera kutsogolo. Dalaivala anayang'ana Sainey, Sainey anayang'ana kumbali, injini inalira. Galimoto ikutuluka pageti, Mansata anawerama pang'ono, anayika dzanja pachifuwa n'kuyamba kuuza mayi wa ku unduna uja kuti, "Zikomo kwambiri, mayi, Mulungu aku..."

Mayi Jonsaba anamutsina pantchafu.

"Usathokoze."